Phazi Lamwala la Sosiya

Filina ankapera balere pamphero. Ankapera ali ndwii.

Mlongo wake Sosiya ankadwala phazi. Amayi anali atapita naye pangalawa kukachisi wa Asikelepiyo, mulungu wochiritsa. Koma Atate sanapite nawo. Filina ankafuna kudziwa chinthu chimodzi. Kodi Atate amamukonda Sosiya?

Atate ake anali a Keridoni, mmisiri wosema miyala. Tsiku lonse ankakhala kuseri kwa nyumba. Ankasema mwala woyera. Kho! Kho! Kho!

Mwadzidzidzi Mayi Simale, oyandikana nawo nyumba, analowa akuthamanga.

"Iwe Filina, siya mpheroyo! Sosiya wachira! Ndamuona kudoko, akuyenda yekha!"

Filina anathamangira kuseri.

"Atate! Atate! Sosiya akuyenda!"

Atate anaika nyundo pansi. Anakweza manja kumwamba. Kenako anatolanso nyundo. Kho! Kho! Kho!

"Simupita kukamuchingamira?" anafunsa Filina.

"Pangotsala pang'ono, mwanangu."

Filina anapsa mtima.

"Inu mumakonda miyala kuposa ana anu!"

Nyundo inangokhala chete pang'ono. Kenako inayambanso. Kho. Kho.

Posakhalitsa Amayi anafika. Sosiya anali patsogolo, akudumphadumpha.

"Filina, taona! Lero ndikupitirira pa mpikisano, kamba iwe!"

"Kamba ndi iweyo!" anatero Filina akuseka.

Amayi anakhala pansi. Anamwa madzi.

"Asikelepiyo watichitira chifundo," anatero. "Tiyenera kukapachika phazi lamwala m'kachisi, monga amachitira onse ochira. Nanga tipita chimanjamanja?"

Pamenepo Atate anatulukira. Tsitsi lawo linali mbuu ndi fumbi. M'manja ananyamula kanthu kokulunga m'nsalu. Anakaika pansi. Anavundukula.

Linali phazi. Phazi laling'ono, loyera.

Sosiya anaika phazi lake pambali pa lamwalalo. Onse anawerama. Mapaziwo anali ofanana! Kachala kakang'ono kanali kopindika, ngati ka Sosiya. Pachidendene panali kachipsera, ngati ka Sosiya. Ngakhale chikhadabo chobenthuka chinalipo.

"Koma Atate, Sosiya kunalibe," anatero Filina. "Munalidziwa bwanji phazi lake?"

Atate anangokanda m'mutu.

"Iwe sudziwa?" anatero Sosiya. "M'mawa uliwonse unkapita kukatunga madzi. Atate ankanditsuka phazi. Ankalidzoza mafuta a azitona. Ankanditekenya dala kuti ndiseke."

"Nanga munayamba liti kusema?" anafunsa Amayi.

"Tsiku lomwe munanyamuka."

"Mwana asanachire?"

"Pakamwa panga mpolemera, mayi a Filina," anatero Atate. "Ndinkapemphera ndi nyundo."

Filina anagwira phazi lamwalalo. Linali losalala. Linali lofunda, chifukwa linali m'manja mwa Atate.

Anayang'ana manjawo. Anali ong'aluka. Anali ndi matuza.

Sosiya anakwera pamwendo wina wa Atate. Mwendo wina unatsala. Atate anaugogoda ndi chala.

"Apa mpa ndani?" anafunsa.

Filina anakhalapo. Fumbi loyera linamudetsa chovala. Iye sanalisase. Anayankhula mokweza, kuti onse amve.

"Atate, ndinakulankhulirani mawu oipa. Pepani. Ndikhululukireni."