Kampando Kopanda Msomali

Panali mtsikana wina amene onse ankamutchula kuti Kanyerere. Anali wochepa thupi. Koma ankakonda kunyamula zinthu zazikulu.

Kanyerere anali ndi kampando. Kanali kakalekale. Kanali kosalala ngati sopo. Anakapanga ndi agogo ake aamuna, muja anali kalipentala. Amayi anakhalapo ali mwana. Mkulu wake wa Kanyerere anakhalapo. Kanyerere nayenso anakhalapo. Tsopano ankafuna kuti mlongo wake wakhanda adzakhalepo.

Tsiku lina Kanyerere anakwera pakampandopo. Ankafuna kutsitsa mpira pamwamba pa kabati. Gwedegwede! Mwendo umodzi unaguluka.

Anathamangira kwa Agogo. Agogo anatenga mwendowo. Manja awo ankanjenjemera. Maso awo sankaona bwino.

"Kalelo ndikanakonza tiyi asanazizire," anatero Agogo. "Ndinali ndi shedi yanga. Utuchi unkadzaza m'tsitsi mwangamu. Koma manjawa anatopa, mdzukulu wanga."

Kanyerere anamva chisoni. Anatenga msomali ndi mwala. Kho! Kho! Kho! Kalanga ine, thabwa linang'aluka!

Amayi anapukusa mutu.

"Basi, katha ntchito aka," anatero Amayi. "Kalowe pamoto."

Agogo anangoyang'ana pansi.

Mkulu wake wa Kanyerere ankaphunzira zamagetsi. Ankapita kusukulu ya ntchito zamanja.

"Asisi, ndikonzereni kampando kanga," anatero Kanyerere.

"Ine ndine wa mawaya," anaseka mkulu wakeyo. "Kodi kampando kako kamayaka? Koma mawa ndi tsiku la alendo kusukulu kwathu. Tiye. Kuli amisiri a mitundu yonse."

"Chabwino," anatero Amayi. "Ndakupatsa tsiku limodzi lokha."

M'mawa Kanyerere anasenza kampando pamutu. Mwendo anaugwira kumanja.

Anafika pachitseko choyamba. Makina ankalira, tyetyetye!

"Odi! Kodi mungakonze kampando kanga?"

Mnyamata wina anaimitsa makina ake.

"Pepa, ife timasoka," anatero. "Ine ndidzakhala telala. Ndidzasoka mayunifolomu ndi madiresi a ukwati. Yesa chitseko chinacho."

Anafika pachitseko chachiwiri. Moto unkathetheka.

"Odi! Kodi mungakonze kampando kanga?"

"Usayang'ane motowu, uwawa maso!" anakuwa bambo wina. Kenako anavula chophimba kumaso. "Pepa, ife timawotcherera zitsulo. Timapanga mageti ndi mabedi. Kampando kako tingakapsereze. Yesa chitseko chinacho."

Anafika pachitseko chachitatu. Panali galimoto yopanda matayala.

"Odi! Kodi mungakonze kampando kanga?"

Pansi pa galimoto panatuluka miyendo. Kenako panatuluka mtsikana. Mafuta anali mpaka pamphuno.

"Kali ndi injini?" anafunsa mtsikanayo.

"Ayi."

"Ndiye pepa. Ine ndidzakhala makaniko. Ndidzatsegula galaja yanga. Yesa chitseko chinacho."

Khosi la Kanyerere linayamba kuwawa. Misozi inalengeza m'maso.

"Ndikulandire?" anafunsa mkulu wake.

"Ayi, asisi. Ndinyamula ndekha."

Mwadzidzidzi Kanyerere anaima. Ananunkhiza. Fungo ili ankalidziwa! Linali fungo la jekete yakale ya Agogo. Linali fungo la bokosi lawo la zida. Linali fungo la matabwa.

Anatsatira fungolo mpaka pachitseko chachinayi.

"Odi! Kodi mungakonze kampando kanga?"

Munali mphunzitsi wa ukalipentala. Anali mayi wamtali. Pensulo anaipana kukhutu.

"Tula pano tione," anatero mphunzitsiyo. "Aa! Wakhoma msomali uwu ndani?"

"Ndine," anayankha Kanyerere chapansipansi.

Mphunzitsi anatembenuza kampando. Kunsi kwake kunali kambalame kosema. Kanali kakang'ono ngati chala. Mphunzitsi anakasisita pang'onopang'ono.

"Kambalame aka ndikukadziwa," anatero. "Anakasema ndi aphunzitsi anga. Chilichonse chimene ankapanga, ankaikapo kambalame."

"Amenewo ndi agogo anga!" anafuula Kanyerere.

"Agogo ako? Akadali moyo?"

"Alipo. Koma manja awo anatopa."

Mphunzitsi anaseka, misozi ili m'maso.

"Ndawasowa kwambiri," anatero. "Tsiku langa loyamba, nanenso ndinakhoma msomali. Nanenso ndinang'alula thabwa. Iwo sanakalipe. Anangoti, ‘Thabwa silifuna ndewu. Limafuna kulinyengerera.’ Taona bwino. Kupatula wakowu, m'kampando konseka mulibe msomali ndi umodzi womwe."

Kanyerere anayang'ana. Zoonadi! Munalibe msomali wina. Munali tizikhomo ta mtengo tokhatokha.

Mphunzitsi anazula msomali uja. Anathira guluu mumng'alu. Anapana thabwalo zolimba. Kenako anasema kachikhomo katsopano. Anabwezera mwendo m'malo mwake.

"Gwira nyundo ya mtengo iyi," anauza Kanyerere. "Khoma ndiwe. Koma usachite ndewu."

Kho. Kho. Kho. Kachikhomo kanalowa bwinobwino.

"Ndikhalepo?" anafunsa Kanyerere.

"Ayi, guluu aume kaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anadikira. Anadikira. Anadikirabe. Kanyerere anasesa utuchi. Wina unamugwera m'tsitsi. Sanausase.

Masana anabwerera kunyumba. Kutsogolo kunali Kanyerere, kampando kali pamutu. Pambuyo pake panali mkulu wake. Mphunzitsi nayenso anabwera.

Agogo anali pakhonde. Kanyerere anaika kampando pamiyendo pawo. Agogo anakapapasa ndi zala. Anapapasa mwendo. Anapapasa kachikhomo. Anapapasanso.

"Palibe msomali," anatero Agogo. "Ntchito iyi ndi ya m'shedi mwanga. Wakonza ndani?"

Mphunzitsi anagwada pafupi nawo.

"Ndine, aphunzitsi. Uja ndinang'alula thabwa tsiku loyamba."

"Iwe wa msomali?" Agogo anaseka mpaka kutsokomola. "Wakula chonchi?"

"Ndakula. Panopa ndimaphunzitsa ana makumi awiri. Onse amadziwa kuti thabwa silifuna ndewu. Koma kachikhomoko sindinakhome ine. Wakhoma ndi mdzukulu wanuyu."

Agogo anagwira mutu wa Kanyerere. Zala zawo zinapeza utuchi. Anaununkhiza. Anasangalala kwambiri.

Amayi anatuluka atanyamula mwana. Anayang'ana kampando nthawi yaitali.

"Ndinaphunzirira kudya ndekha pamenepa," anatero. "Ndipo ine ndimati ndikasonkhezere moto! Ndikhululukireni, Bambo."

Anakhazika mwana pakampandopo. Kampando sikanagwedere. Mwana anaomba m'manja.

"Agogo," anatero Kanyerere, "kusukulu kuja kuli zitseko zambiri. Ndikadzakula, ndidzalowa chachinayi."

"Ndiye kandikokere bokosi langa," anatero Agogo.

Kanyerere anakoka bokosi la zida. Agogo analitsegula. Anatulutsa nyundo yawo ya mtengo. Pachigwiriro pake panali kambalame.

"Tenga," anatero Agogo. "Yagona nthawi yaitali."

Nyundoyo inali yaikulu. Inali yolemera. Koma Kanyerere anainyamula yekha.