Mbuya Amene Anapempha Makiyi

Galimoto ya malemu Chabwera inabedwa dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, ena akuseka.

Linali Lachinayi, tsiku loika maliro, ku komboni ya Kalingalinga. Galimotoyo, takisi yoyera, inali pambali pa tenti ya azibambo. Ndiyo inkadyetsa Mwaiwathu, mkazi wa malemu, ndi ana ake, Chipo ndi azing'ono ake. Chabwera sanasiye china.

Kuyambira m'mawa alamu ya takisiyo inkangolira. Kwaya ikayamba nyimbo, nayo inkayamba. Azibambo anasuntha mabenchi, poti sensa yake imamva munthu akayandikira. Inalirabe. Anamasula chingwe cha tenti chimene chinkakhudza denga lake. Inalirabe. Wina anati ndi batire, wina anati ndi kutentha.

Mwaiwathu anali pamphasa m'nyumba, makiyi ali m'manja. Ikalira ankadina rimoti. Sanadandaule.

"Isiyeni," anauza neba wake, mayi wa Chibemba wotchedwa bana Ngosa. "Nayo ilila mwine wake."

Kenako pakhomo panaima mwamuna wa jekete yakuda, manja ali mbuu ndi ufa. Chabwera anali wa kum'mawa, ndipo pamaliro a wa kum'mawa Abemba ndiwo ambuya, anzawo onyozana nawo mwanthabwala. Amanyoza, amapaka anthu ufa, amalanda chimene afuna, ndipo palibe amakwiya.

"Imwe ba kum'mawa munazolowela njinga!" anakuwa. "Mwasungila mbeba mu boneti, ndiye chifukwa ilila. Letani makiyi niipeleke kuli wa mawaya. Izabwela manje manje, itenge amayi kumanda."

Nyumba yonse inaseka. Mwaiwathu naye anamwetulira, koyamba chimwalirire mwamuna wake. Anapereka makiyi.

Bokosi linanyamuka, galimoto osabwera. Mwaiwathu anapita kumanda pa lole, atapanikizana ndi kwaya. Pobwerako anthu anayamba kufunsana. Madalaivala anzake a malemu ankayesa kuti munthuyo ndi m'bale wa bana Ngosa. Bana Ngosa ankayesa kuti ndi dalaivala. Dzina lake panalibe wolidziwa.

M'mawa mwake Mwaiwathu ndi bana Ngosa anapita kupolisi ya m'komboni. Anapeza Sajeni Chilekwa.

"Anakulandani makiyi?"

"Ninamupasa neka, bwana," anayankha Mwaiwathu.

"Munthu wosamuziba?"

"Pamalilo sitifunsa munthu kuti ndiwe ndani."

Sajeni sanawanyoze. Anaitanitsa Sydney, wa mawaya amene anaika alamuyo.

"Ija ilibe vuto," anatero Sydney. "Ba Chabwera ananiuza niichepese mphamvu, chifukwa bana bamasewela pafupi. Benchi siingailize, chingwe siichingailize. Afunika munthu kuika kwanja pa galasi ya kumbuyo."

Bana Ngosa anagwira pakamwa. Mgolo wa madzi unali kumbuyo kwa galimoto, ndipo wa jekete uja ankangopita kukasamba m'manja.

"Si poyamba," anatero Sajeni. "Ku Chawama anachita chimozimozi. Uyu adyela pamalilo."

"Ndiye tizamupeza pamalilo," anayankha bana Ngosa. "Ife malilo sitiphonya."

Mwaiwathu anabwerera kunyumba kukakhala monga amakhalira wamasiye. Madzulo aliwonse ankasesa pamene galimoto inkaima. Bana Ngosa ndiwo anayenda. Anauza amayi a kutchalitchi kwawo, awo anauza a matchalitchi ena: alamu ikalira pamaliro, musayang'ane galimoto, yang'anani munthu amene ali kumbuyo kwake.

Mwezi unatha. Loweruka lina chakumasana, ku Mtendere, pamaliro a mphunzitsi wa ku Petauke, kum'mawa komweko, alamu inalira. Bana Ngosa anali kumapoto. Anadzutsa mutu. Jekete inali yomwe ija.

Anaimbira Sajeni, kenako anadikira. Munthu uja anapaka ufa azibambo awiri, anaseketsa anthu, n'kulunjika kwa wamasiye atatambasula dzanja. Bana Ngosa anamutsekera pakhomo.

"Mbuya munzanga, nine Mubemba naine. Iwe ndiwe wa kwa ndani?"

Munthu uja anatembenuka kuti athawe. Anapeza amayi atamuzungulira, ena ali ndi mithiko. Anamumanga manja ndi chitenje. Anyamata anabwera ndi miyala.

"Osamumenya!" anakalipa bana Ngosa. "Pano pali malilo. Bamene balila balila kale."

Sajeni Chilekwa anamupeza atakhala pansi, ufa uli kumaso. Dzina lake anali Katongo. Tsiku lomwelo anatsogolera apolisi ku galaja ina yobisika kuseri kwa mafakitale. Takisi ya Chabwera inali momwemo, theka atalipaka utoto wabuluu, manambala atachotsa, mawaya a alamu atazula. Khoti linam'patsa zaka zisanu.

Mlandu utatha, Sydney anaibweretsa ku Kalingalinga.

"Nizaikamo alamu ina, amayi. Mawa."

Mwaiwathu anagwedeza mutu, koma sanali kumumva. Anatsegula chitseko cha dalaivala n'kukhala. Mawondo ake anagunda chiwongolero.

"Anali mufupi kawalala uja," anatero.

Anapapasa pansi pa mpando, n'kuukankhira kumbuyo mpaka mapazi ake analekana ndi zopondera.

"Apa. Bashi Chipo, bamuna banga, banali kunkhala apa."

Bana Ngosa anazungulira, analowa mbali inayo, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Sydney anatola zida zake n'kuwasiya.