Akamba Ataphunzira Kuona Wogwada

Dzuwa likangofika pa madenga a nyumba zosanja za mumzinda wa Mwalawoyera, akamba ankatuluka m'makola awo. Sanali akamba amoyo. Anali makina otchetcha kapinga, aakulu ngati wilibala yovundikira, amsana wakuda womwa mphamvu ya dzuwa. Kunsi kwa aliyense kunali mipeni yozungulira, kutsogolo kunali diso lozindikira anthu, ndipo pamsana panali batani lofiira loimitsira. Palibe ankawayendetsa. Akamba onse m'dzikomo ankaganiza ndi ubongo umodzi, moti chimene mmodzi waphunzira m'mawa, pofika madzulo anzake onse amakhala atachidziwa. Zikwakwa zinachita dzimbiri, anthu n'kuiwala kuti msana umapweteka bwanji ukatchetcha.

Zotsatirazi anasimba ndi eni ake, ndipo zalembedwa monga anazinenera, popanda kuthira mchere.

Tsiku lina a Kamtedza anabwera kuchokera kumudzi kudzaona mdzukulu wawo. Anakhala pa mpando pansi pa mtengo wa m'bawa, kuseri kwa nyumba. Mpongozi wawo Nachisale, mphunzitsi wa ana a sitandade wani, anatsika ndi madzi akumwa, khanda lake Sekerani lili kumbuyo, n'kugwada chapatali monga achitira mpongozi. Sanamve kanthu, chifukwa akamba ankayenda mwakachetechete. Diso lawo linaphunzitsidwa kuti munthu ndi chinthu choimirira, chamiyendo iwiri, mutu uli pamwamba. Chimene linaona tsikulo chinali chachifupi, chofunda chitenje cha masamba obiriwira. Kamba sanaime. Anayambira phazi lakumanja.

A Kamtedza ndiwo anagwera pa batani lofiira ndi chifuwa chonse. Akuti mipeni inaima patatsala chikhatho chimodzi kuti ifike pamene panalendewera kamwendo ka mwana. Mulungu yekha ndiye adziwa mmene nkhalamba ya mawondo olobodoka inadumphira chotero.

Kuchipatala anamupangira Nachisale phazi lina, la chitsulo chopepuka, lomva kutentha ndi kuzizira ngati lenileni. Atatuluka anapeza kuti akamba ayamba kulankhula. Kampani yowapanga inawaika mawu, ndipo ankayenda akulengeza: "Tolani miyala ndi mawaya pa kapinga. Valani nsapato zotseka. Musapise dzanja kunsi kwa makina. Ana asasewere pafupi." Zonsezi Nachisale anaziona kuti n'zanzeru. Chimene chinamuwiritsa magazi ndi mawu otsiriza: "Ngati pali munthu pafupi, aimirire."

Nthawi imeneyo n'kuti Sekerani atayamba kukwawa. Nyumba yawo inali yapansi, ndipo khomo lakuseri linkatsegukira pa kapinga penipeni. Mwanayo akaona kuwala pakhomo, ankathamangirako ndi manja ndi mawondo ngati akukalandira mlendo.

Katswiri wa kampaniyo, mayi Chimbalanga, anabwera kudzamuzonda. Anali mayi woona mtima, ndipo sanabise kanthu.

"Mwati munthu aimirire," anatero Nachisale. "Uyu aimirira bwanji?"

"Mwana asamatuluke makina akamagwira ntchito, mayi."

"Ndimatseka, ndipo ndidzatsekabe. Koma inu muli ndi ana?"

"Awiri."

"Palibe anakupulumukanipo?"

Mayi Chimbalanga anayang'ana pansi. "Wamng'ono ndinakamupeza ku msewu," anatero. Kenaka anafotokoza kuti diso la kamba silingauzidwe ndi pakamwa. Limaphunzira ndi zimene laona. Munthu akadina batani lofiira mipeni ikuzungulira, kamba amasunga chithunzi cha chimene chinali kutsogolo kwake, n'kuchiwerengera pa zinthu zosayenera kudulidwa. Zikachitika kambirimbiri, ubongo uja umayamba kuima wokha.

"Ndiye bwanji simukuwaphunzitsa?"

"Pafunika munthu weniweni, wofunda, wopuma, agwade kutsogolo kwa mipeni. Tayesa zidole, sakuzimva. Mabwana akana, ati sangaike munthu pangozi yoteroyo. Kunena zoona, inenso sindingakupempheni zimenezo."

"Simunandipemphe," anatero Nachisale.

Mwamuna wake Lufeyo atamva zimene akuganiza, anaika supuni pansi.

"Amayi a Seke, phazi limodzi silinakwane? Mukufuna akadye linalo ngati ndiwo yotsala?"

"Ndimupatsa lachitsuloli. Aone ngati mano ake angalithe."

"Nanga akadumpha phazilo?"

"N'chifukwa chake mudzakhala pambali pake, dzanja lili pa batani."

"Dzanja langa likachedwa?"

"Bambo a Seke, pa mbale ya nyama dzanja lanu silinachedwepo."

Lufeyo sanaseke. Anayesa kuchotsa mipeni ya kamba wa pa mdadada wawo, koma kamba wopanda mipeni sankasuntha n'komwe. Ananena zosamuka, koma akamba anali paliponse pamene panali kapinga, kusukulu, kutchalitchi, kuchipatala komwe. A Kamtedza, amene chichitikireni ngoziyo anali asanabwerere kumudzi, analankhula ali kuseri kwa chitseko monga mwa ulemu.

"Nachisale, mlandu ndi wanga. Mukanapanda kundigwadira, bwenzi muli ndi mapazi anu onse. Ndakumasulani, musadzandigwadirenso."

"Bambo, zikomo," anayankha iye. "Mutandiletsa inu mwa kufuna kwanu, ndingamve. Koma kuti ndisiye chifukwa wilibala yalamula, ayi. Mawondowa ndi anga."

Loweruka m'mawa Nachisale anapereka Sekerani kwa mayi wa nyumba yam'mwamba n'kumuuza kuti akhome chitseko. Anayenda pa kapinga ponse akutola timiyala, zitsekerero za mabotolo ndi kawaya ka njinga, kuti mipeni isalase munthu nazo. Anauza Lufeyo kuti avule mapatapata, avale majombo. Atatero anapemphera mawu ochepa, osapempha chozizwitsa, kungoti Mulungu alimbitse dzanja la mwamuna wake. Kenaka anagwada pakati pa kapinga, atafulatira kamba, phazi lachitsulo ataliwongolera kumbuyo.

Kamba anabwera akung'ung'udza. "Ngati pali munthu pafupi, aimirire."

"Munthu alipo," anatero Nachisale. "Saimirira."

Anamva mphepo ya mipeni pa katumba. Lufeyo anamenya batani, makina n'kuti zii.

"Dzutsaninso," anatero Nachisale.

Anachita zimenezi mpaka dzuwa linafika paliwombo. Nachisale anagwada chowongoka, anagwada chowerama ngati wopemphera, anakhala pansi atatambasula miyendo ngati wosadzula ndiwo. Nthawi zonse kamba ankabwera osachepetsa liwiro, ndipo nthawi zonse Lufeyo ankadina. Anthu anadzaza m'makonde. Ena ankati mayiyo wapenga.

"Aphunzitsi, mwana wanuyo sakumva," anatero bambo wina ali m'mwamba. "Abwereze kalasi."

"Ndaphunzitsapo ouma mitu kuposa uyu," anayankha Nachisale. "Wina ndi wanu yemwe."

Tsiku lotsatira, potuluka ku tchalitchi, amayi angapo anatsika ndi zitenje zawo. Nachisale anakana kuti amayiwo agwade kutsogolo kwake. Anati agwade m'mbali mwake, iye akhale woyamba kukumana ndi mipeni, chifukwa ndiye anali ndi phazi losatuluka magazi. Anatero madzulo aliwonse akaweruka, sabata n'kutha, ina n'kuyamba. Pamenepo m'pamene a Kamtedza anatuluka atapinda buluku mpaka m'mawondo.

"Nonsenu mukugwada ngati akuluakulu," anatero. "Mdzukulu wanga sagwada. Amakwawa."

Nkhalamba ija inatsika pansi ndi manja ndi mawondo, n'kuyamba kukwawa pa kapinga, imvi zikugwedezeka. Amayi ena anabisa nkhope m'zitenje, osadziwa ngati aseke kapena alire.

"Lufeyo," anatero a Kamtedza osacheuka, "ukachedwa kudina, udziwe kuti munda wa kudimba ndipatsa mlongo wako."

Tsiku lina madzulo Lufeyo anati akuona ngati kamba akuzengereza asanafike. Nachisale anadziwa kuti njira yotsimikizira inali imodzi yokha.

"Ulendo uno musadine msanga," anatero. "Dikirani mpaka mumve chitsulo chikulira."

"Sindingathe."

"Mwina tsiku limene Seke adzapulumuke inu mudzakhala kuntchito. Ndikufuna ndidziwe lero."

Anagwada yekha, n'kuwerama mpaka chipumi chinakhudza udzu, kuti achepe ngati mwana. Anamva kung'ung'udza kukuyandikira. Anamva mawu aja akumuuza kuti aimirire. Anangokhala chiweramire. Akuti m'mutu mwake munalibe pemphero lalitali, munali dzina la mwana wake lokha. Mphepo inafika pa katumba, kenaka n'kuzilala. Atacheuka anaona Lufeyo ali chiimire, dzanja lili m'malere pamwamba pa batani, misozi ikutsika. Kamba anali ataima yekha. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kumulambalala, kusiya kachigamba ka udzu wosatchetcha pamene iye anagwada.

Pofika mawa lake, akamba a m'dziko lonse anali atadziwa kuti chinthu chachifupi, cha msinkhu wa munthu wogwada kapena wogona, sachiyendera pamwamba.

Mvula itagwa kangapo, anthu anayamba kuona zachilendo. Akamba ankalambalala ziulu zing'onozing'ono ndi matumba otayidwa. Izi sizinadandaulitse munthu. Koma pa paki yaikulu ya kum'mawa kwa mzinda, pamene mabanja ankayala mikeka Lamulungu n'kumadya, panamera zigamba za udzu wautali zambirimbiri, zondandana bwino m'mizere. Zina zinali zazitali ngati munthu wamkulu. Zambiri zinali zazifupi.

Nachisale anapita kukaona pamodzi ndi a Kamtedza. Nkhalambayo inayang'ana mizere ija, inayang'ana phiri limene linali chapafupi, n'kuvula chipewa.

"Awa ndi manda," inatero. "Pano panali mudzi mzindawu usanamangidwe. Ndili mnyamata tinabwerapo kudzaika maliro. Anatiuza kuti mafupa anawasamutsa."

Mathalakitala anasalaza mitumbira zaka zambiri zapitazo, koma osati kufikiratu. Diso la munthu silinkaona kanthu. Diso la kamba, limene linkayeza ngakhale kukwera kwa chala chimodzi, linaona anthu ogona, n'kuwalambalala mmodzimmodzi. Mbiri itafala, zidzukulu za mudzi uja zinabwera pa mabasi. Ena ankawerenga mizere kuchokera pa mwala wina waukulu umene ankaukumbukira n'kupeza amayi awo. Ambuye awapatse mpumulo onse ogona pamenepo, odziwika ndi osadziwika.

Mayi Chimbalanga anamupeza Nachisale pomwepo, Sekerani akulimbana kuti atsike kumsana.

"Andituma," anatero mayiyo. "Akuluakulu a mzinda akuti paki yanyansa. Mabwana alamula kuti tifufute zimene akamba anaphunzira."

"Zonse?"

"Sizipatulika. Kwa kamba, mtumbira ndi mwana wokwawa n'chimodzimodzi. Tikafufuta chimodzi, tafufuta zonse."

Nachisale anamasula mwana n'kumupereka kwa agogo ake. Anayenda mpaka pa kachigamba kakafupi kwambiri, n'kugwada pambali pake, phazi lachitsulo likunyezimira padzuwa.

"Kawauzeni kuti afufute," anatero. "Koma adziwe kuti m'mawa mwake kamba woyamba adzandipeza pano. Ndipo amene asindikize chala chake kuti mipeni iyende pa mitu ya anthuwa, abwere adzaime apa, eni maliro amuone nkhope."

"Chala chimene akufuna ndi changa," anatero mayi Chimbalanga motsitsa mawu. "Ndawauza kale kuti sindisindikiza. Afunsa anzanga, nawonso akana. Wina wati agogo ake ali mu mzere wachitatuwo."

Lamulo lija linayendayenda m'maofesi, aliyense akulikankhira kwa mnzake. Panalibe bwana, ngakhale wolimba mtima pa msonkhano, amene anafuna kuti dzina lake lidzatchulidwe kuti ndiye anatchetcha manda. Potsiriza anamanga kampanda kuzungulira mizere ija, ndipo ubongo wa akamba unasiyidwa monga unalili.

Nachisale sanasiye kukhoma chitseko chakuseri, ndipo ankatolabe miyala pa kapinga m'mawa uliwonse. Ankati makina ndi makina, maso a mayi sapita kutchuthi. Koma tulo anayamba kugona. Anthu aja amene mzinda unawasalaza n'kuwaiwala ndiwo anakhala alonda a mwana amene anali asanaphunzire n'kuima komwe.