Zinkhwe Zogwa Padenga

Chinayamba ndi phokoso la padenga. Kunja kutangoti bii, Noelene anamva chinthu chikugwa pamalata, phu! Kenako zikhadabo zinakwekwereza pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa denga, basi kuli zii. M'mawa anapeza zinkhwe zoyera zili ngundangunda pansi pa mabulugamu, zopanda bala ngakhale limodzi, zala zitafumbata.

Usiku wotsatira zinagwa zochuluka. M'tauni ankati ndi mliri, ena n'kumanong'ona kuti m'damu mwalowa zoipa. Mwamuna wa Noelene, Clarrie, mlimi wa tirigu, anangoti, "Zife! Zanditherera mbewu mbava zimenezi."

Koma mtima wa Noelene unali pa Monty, chinkhwe chokalamba chimene malemu bambo ake anamusiyira. Masana chinkauluka ndi zinzake zakutchire, madzulo n'kubwerera pakhonde, ndipo chinkalankhula ndi mawu enieni a mkuluyo, osasa ndi fodya: "Tseka geti, Noelene!" Cha bambo ake chopuma chinatsala n'chomwechi.

Anatenga mbalame imodzi yakufa kupita nayo kwa dokotala wa ziweto. Mayiyo ataing'amba anapukusa mutu.

"Si mliri uwu, ndi mankhwala ophera mbozi. Amadya chiwindi ndi ubongo monga momwe dzimbiri limadyera lata, mwakachetechete. Mbalame imaoneka yabwinobwino mpaka tsiku lomwe miyendo yakana kugwira nthambi."

Noelene anabwerera akuthamangitsa galimoto ngati wamisala, nakatsekera Monty m'khola la pakhonde.

Mdima utagwa zinayambiranso. Phu! Phu! Koma atatchera khutu anamva kaphokoso kena kuseri kwa shedi, kofewa, kobwerezabwereza: waa... waa... Anatenga tochi, nayenda monyang'ama. Fungo ndilo linayamba kumupeza, lowawa mpaka kukhosi. Atawalitsa, si uyu Clarrie, ndowa m'manja, akumwaza tirigu wonyowa ndi mankhwala!

"Zimitsa, iwe," ananong'ona bamboyo. "Ukufuna aneba aone?"

"Inu! Ndiye mwakhala mukugona pambali panga, n'kumamvera limodzi nane zikugwa?"

"Nanga ndiziweta mbalame? Munda wonse zafukula."

"Monty amadya nazo limodzi, chitsiru iwe!"

Chikwatirane anali asanamutchulepo "iwe". Clarrie anatsegula pakamwa, koma amene anayankha si iye. Mawu anachokera kukhonde, mumdima, olemera ngati a munthu woledzera.

"Tseka... geti... Noe..."

Kenako phu, kakang'ono, pansi pa khola.

Noelene sanathamange, pakuti ankadziwa chimene akachipeze. Anamuunika mwamunayo kumaso, misozi yaukali ikutsika.

"Bambo anga ndinawaika kale kamodzi," anatero. "Ulendo uno ukumba ndiwe. Ukamaliza undipatse makiyi a galimoto, ndizipita."

Padenga panagwanso china.