Ng'ombe za a Mulhern ndi Chitsa cha Mtengo wa Minga

Pali malemu amayi anga amene agona ku Ntcheu, mphezi inding'ambe pompano pa Erdington ndikawonjezerapo liwu limodzi! Ine kusukulu sindinapondeko, ndiye bodza ndikanaliphunzira kuti?

Zinachitika mu 1994 pa famu ina kunja kwa tauni ya Nuneaton, kuno ku Mangalande, kumene mphwanga Wallace anali kapitawo. Mwini malo anali Rex, kamnyamata konyada, mdzukulu wa mabwana a maesiteti ku Ireland aja ankathamangitsa alimi a lendi ngati nkhuku. Pakona pa famuyo ankachitapo lendi mkulu wina wochokera ku Ireland komweko, a Mulhern, ndi ng'ombe zawo zazikulu ngati mabasi osanja. Pakati pa busa lawo panali mtengo umodzi wa minga. Kwawo mtengo woima wokha chonchi saudula, amati uli ndi eni ake osaoneka. Ng'ombe ikabereka, mkaka woyamba a Mulhern ankauthira patsinde pake.

Rex anafuna busalo kuti alimepo tirigu, nkhalambayo ione kolowera. Tamvani chipongwe! Munthu wakama ng'ombe pamenepo iwe ukadali m'matewera!

"Wallace, kagwetse chimtengo chija, thirakitala izidutsa bwino."

"Bwana, mtengo wothirapo nsembe ine sindiukhudza. Kwathu ndinaonapo."

"Kodi ndinalemba kapitawo kapena sing'anga?"

Rex ananyamula yekha makina ochekera, naugwetsa a Mulhern akuona, nawauza kuti mwezi ukatha atuluke ndi ziweto zawo. Nkhalamba inangovula chipewa.

M'mawa mwake Wallace anapeza geti lili chitsekere, koma ng'ombe zonse, za a Mulhern ndi za Rex zomwe zinkagona kutsidya kwa mpanda, zitazungulira chitsa chija, mitu pansi, zii, ngakhale mchira osagwedeza. Mawa lakenso chimodzimodzi. Rex anagula loko wamkulu ngati dzungu, koma kukacha ng'ombe zili pachitsa. M'malo omwera mowa a ku Nuneaton anthu anayamba kunong'onezana kuti woyendetsa lole ya mkaka sakufunanso kulowa pa famuyo dzuwa lisanatuluke, ati galu wake amakodzera pampando akangofika pageti.

Usiku wina Wallace ndi a Mulhern anabisala kuseri kwa mpanda. Chifunga chinali chokhuthala ngati phala, moti ukatambasula dzanja linkasowa, ndipo phokoso la magalimoto a pamsewu waukulu, limene silitha chaka chonse, linazima pang'onopang'ono ngati wina akuchepetsa wailesi. Ndiyeno loko anati khethe! Kunamveka ziboda m'matope, phwa, phwa, phwa, mwamzere, mosafulumira, ngati anthu opita kumanda. Pansi pa mapaziwo pankamveka kaphokoso kena, ngati zikhadabo zing'onozing'ono zambirimbiri zikukanda khungwa.

"Agogo, mukumva?" ananong'ona Wallace.

"Usayang'ane, mwana wanga. Eni mtengo aja akufunafuna nyumba yawo."

"Nanga akaisowa?"

"Akakhala mwa amene anaigwetsa."

Wallace atamuchenjeza Rex, chitsirucho chinaseka mpaka misozi. "Inu awiri ndi amene mukutsegula geti! Nkhalamba imeneyi isadikirenso mwezi, Loweruka lomweli ikhale itachoka." Ndikamakumbukira magazi amandiwira mpaka lero. Nyengo yozizira ngati imeneyo, munthu wamkulu akazisunga kuti ng'ombe, m'thumba la jekete?

Lachisanu Rex anadzuka khosi litapotoka, nkhope italoza kuchitsa. Akatembenuza thupi, mutu unkatsalira komweko. Anamuthamangitsira kuchipatala chachikulu ku Birmingham, madokotala anamuunika mpaka makina anafuka utsi, osapeza kanthu. Manesi akalozetsa bedi kuzenera, kukacha nkhope yabwerera ku Nuneaton. Ine ndinakamuona ndi maso angawa, akumumwetsa tiyi chakumsana!

Pamenepo Rex anaitanitsa a Mulhern.

"Bambo, busa ndi lanu mpaka tsiku la imfa yanu. Ndapota nanu, ndikhululukireni."

"Wompepesa si ine," inatero nkhalamba.

Anabwera naye pa famu atamukhazika chammbali m'galimoto. Bwana wathunthu anagwada m'ndowe, antchito onse akuona, nathira mkaka woyamba pachitsa ndi manja ake, Wallace akuomba m'manja mwa kwathu, mofatsa. Khosi linati phwe, mpaka akhwangwala anauluka m'minda yonse. Usiku umenewo ng'ombe zinagona m'makola mwawo. A Mulhern sanasamuke, ndipo nyengo yozizira itatha chitsa chinaphuka nthambi yaminga yotalika kuposa ine.

Tsiku lina ndikusimba zimenezi titatuluka m'tchalitchi, Beatrice, kamtsikana kophunzira za ziweto kuyunivesite, kanandidula pakamwa.

"Ankolo, makiyi a geti ankasunga a Wallace. Mchere wa ng'ombe ankasunganso a Wallace. Anangoupaka pachitsa, basi."

Zamkutu! Sukulu yanuyi ikukuphani maso. Nanga khosi la Rex linkanyambitanso mchere?