Kuitana Ababa pa Mlatho

Inu amene mwayamba kale kupukusa mitu, khalani pansi mumve kaye, mukatsutse ndikamaliza. Ine ndine Kang Bi-hun. Mu Chiayi monse mulibe munthu, mwamuna kapena mkazi, amene amalumikiza mawaya a m'galimoto ngati ine. Matakisi ambiri a mumzinda uno anadutsa m'manja mwanga, ndipo palibe imene inabwerako ndi dandaulo. Ndiye ndikanena kuti chipangizo changa chinalibe vuto usiku umenewo, mudziwe kuti chinalibedi. Nkhaniyi ndi ya Ko Ban-lai. Anandiuza yekha, atakhala pa mpando wa pulasitiki m'shopu mwanga, ndipo sindiwonjezerapo kanthu.

Ban-lai ankayendetsa galimoto yonyamula mitembo. Anali munthu wachikulire, wa imvi m'mbali, milomo yofiira ndi binlang, mtedza wogalamutsa amene ankatafuna kuti asasinze pa chiwongolero. Anafika madzulo ena kukuwaza mvula, ine ndikutsitsa chitseko cha shopu, mbale ya mpunga wa nkhukundembo ikuzizira pa tebulo. Anati akufuna chipangizo cha bulutufu, chija chimakoka mawu a foni popanda waya kuti munthu azilankhula manja ali pa chiwongolero. Anati akuchifuna lero lomwe.

"Mawa, achimwene. Makasitomala anu aja sathamangira kulikonse."

"Uyu akuthamangira, abwana," anatero, osaseka.

Mkulu wina, a Pan Kim-tsai, anali atamwalira masana kuchipatala, ndipo amayenera kukafika kwawo kumapiri, kumtunda kwa tauni ya Tek-kia, usiku womwewo. Mwana anali naye mmodzi yekha, Mei-tsu, koma anali m'chikuta, khanda lili pachifuwa. Mayi wa m'chikuta sayandikira maliro. Mwamuna wake anali kutsidya la nyanja ku fakitale. Kumudzi kunatsala nkhalamba zokhazokha zikumanga tenti. Woitana analibe. Thupi limakwera galimoto, koma mzimu umatsata mawu a mwana wake, ndipo pa mlatho uliwonse mwanayo aitane, apo ayi mzimu umaima pa madzi osadziwa kuwoloka. Ban-lai akanatha kuitana yekha, monga ankachitira ndi anthu opanda abale. Mei-tsu anakana. Anati bambo ake sanamverepo mlendo ali moyo, khutu limodzi linali logontha, ndipo mwendo wakumanzere ankachita kuukoka ndi ndodo chidwalireni sitiroko. Adzaitana yekha pa foni.

Ntchitoyo ndinaigwira ndi manja angawa. Kamaiki pamwamba pa galasi lakutsogolo, kabokosi kuseri kwa dashibodi. Wina akanasiya mawu azitulukira kwa dalaivala. Ine ndinayendetsa waya pansi pa kapeti mpaka kumbuyo kogona mtembo, n'kumangirira sipika yaikulu cha kumutu. Chipangizocho ndinachitchera kuti foni ikalira chiziyankha chokha. Ndinamuuza Ban-lai kuti foni isatalikirane ndi galimoto, ikapitirira kutalika kwa basi mawu amaduka. Poyesa ndinamuimbira ndili m'shopu, ndinati asiye binlang mano atsala pang'ono kutha. Mawu anga anagunda kumbuyoko mpaka agalu a kutsidya kwa msewu anauwa. Ban-lai anangogwedeza mutu n'kuliza galimoto.

Anachoka kuchipatala misika ya usiku ikutseka. A Pan anagona kumbuyo atafunditsidwa nsalu yachikasu. Mei-tsu anali pa foni, mawu atasasa ndi kulira, khanda likuguguza chapafupi.

Atayandikira mlatho woyamba, Ban-lai anati, "Mlatho, mwanangu."

"Ababa, tikuwoloka mlatho. Tsatireni, musatsale."

Mawuwo anachokera kumbuyo kwake, omveka ngati mtsikanayo wagwada pambali pa mtembo. Anawoloka. Wachiwiri chimodzimodzi. Pakati pa milatho Mei-tsu sankakhala chete. Ankawauza bambo ake za mwanayo, kuti ndi wamwamuna, kuti makutu watengera iwo, kuti amayamwa ngati wabwereka pakamwa. Ban-lai ankangolavulira m'kapu ya pepala, maso pa msewu.

Atadutsa Tek-kia nyali za m'mbali zinatha. Msewu unayamba kukwera. Nsungwi uku ndi uku. Chifunga chinatsika, mvula ikuwazabe. Kenako msewu unatembenuka n'kuyamba kutsetserekera m'chigwa chopapatiza, kumene kuli mlatho wakale wodutsa galimoto imodzi. Mtsinje umenewo mphepo yamkuntho ikabwera sumasankha. Unatenga alimi, unatenga oyendetsa malole, ena mpaka lero sanapezeke.

Ban-lai anatsegula pakamwa kuti anene za mlatho. Mei-tsu anali pakati pa mawu. Foni inaduka.

Anayang'ana. Netiweki panalibe. Msewu unali woterera, wotsetsereka, wopanda poima. Mlatho unali utafika kale. Anawoloka. Ali pakati anang'ung'udza yekha, binlang ili m'kamwa, kuti a Pan tsatireni. Mumtima anati akafika pamwamba netiweki ibwera, aimbanso, ndipo za mlatho uwu sanena kwa munthu.

Anakwera pang'ono. Foni inalira.

Anaiyang'ananso. Netiweki panalibebe. Nambala sinaoneke. Chipangizo changa chinachita zimene ndinachitchera, chinayankha.

Kumbuyo kunamveka madzi. Madzi ambiri, oyenda pa miyala. Kenako ndodo kugogoda pa simenti. Go. Phazi kukokeka. Go. Phazi kukokeka. Kenako zinaima.

"Mei-tsu. Pali madzi apa."

Anali mawu a nkhalamba, odekha, osadandaula. Sankalankhula ndi Ban-lai. Ankangodikira kuuzidwa chochita.

Ban-lai anaponda mabuleki. Ntchito imeneyi anaigwira kuyambira ali ndi tsitsi lakuda, ndipo sanasiyepo munthu panjira. Galimoto ya maliro siitembenuka mtembo uli momwemo, ndiye anabwerera chambuyo, pang'onopang'ono, mutu uli pawindo, mpaka anawolokanso mlatho n'kuima kumapeto kwake, mbali imene anachokera. Anatsika. Anatsegula chitseko chakumbuyo n'kuchisiya pululu. Nsalu yachikasu ija inali mmene anaisiyira.

Panalibe netiweki. Anakwera kamtunda ka m'mbali mwa msewu, akugwira udzu wonyowa. Pamwamba kanzere kamodzi kanaoneka pa foni, koma galimoto inali itatalikira, chipangizo chinali chitaisiya foniyo. Anaimba pomwepo, foni ili pakhutu.

"Amalume, mwafika pati? Foni inaduka."

"Tinadutsa mlatho itaduka. Ndabwerera. Bambo ako ali pano. Yamba kuitana, mokweza, usaleke mpaka nditakuuza."

Mei-tsu sanamukalipire. Anangopuma mwamphamvu n'kuyamba.

Ban-lai anatsika kamtundako foni ataikweza m'mwamba. Akatsika kwambiri netiweki imafuna kuthawa. Akakwera galimoto imatalika. Anapeza mwala waukulu pakati, anakwerapo, anatambasula mkono kuloza kumene kuli tauni, msana atapatsa galimoto. Chipangizo chinalira kamodzi. Chinagwira.

"Ababa, bwerani. Ababa, kwerani galimoto. Tiyeni kwathu, Ababa."

Mawu anadzaza chigwa chonse. Anaposa mtsinje. Anagunda phiri la kutsidya n'kubwerera.

Apa m'pamene Ban-lai anazindikira kuti zalakwika. Pamalo ngati pamenepo suitana kuti Ababa basi. Umatchula dzina lonse. Iye mwini anawauzapo mabanja ambiri zimenezi, koma pa kamtunda paja, ndi mantha, anaiwala. Anakuwira m'foni kuti tchula dzina. Mei-tsu sanamve. Foni ikagwidwa ndi chipangizo imamva ndi kamaiki ka m'galimoto, osati kake. Akanatsika pamwalapo foni ikanaduka.

"Ababa, musaope madzi. Kwerani."

Kumbuyo kwake galimoto inalira masipuling'i, ngati munthu waponda chokwerera. Ban-lai anatulutsa mpweya. Anati basi, wakwera.

Inaliranso.

Inaliranso kachitatu, mozama. Fungo la matope a pansi pa mtsinje linamufika. Anamva mapazi onyowa pa phula, osathamanga, ochokera kumunsi kwa mlatho, ena kumtunda. Sanacheuke. Mkono sanautsitse. Masipuling'i ankangolira. Anasiya kuwerenga. Mei-tsu ankaitanabe, mawu akusweka, khanda nalo litayamba kulira, ndipo kulira kwa khandalo kunkatulukanso pa sipika yomweyo, kumapita m'chigwa.

Wina anatsokomola m'galimoto. Chifuwa chodzaza madzi.

Ban-lai analumpha pamwalapo. Foni inaduka. Anathamanga maso ali pansi, anakankha chitseko chakumbuyo osayang'anamo. Chinavuta kutsekeka, ngati mkati mwathina. Anakankha ndi phewa. Analowa kutsogolo, analiza, anaponda. Galimoto inanyamuka molemera, injini ikubuula ngati yanyamula matumba a simenti.

Ali pakati pa mlatho, sipika inatseguka yokha.

Go. Phazi kukokeka. Go. Phazi kukokeka. Mofulumira, mofulumira kuposa mmene nkhalamba yodwala ingayendere. Kupuma kwa wefuwefu.

"Ndidikireni. Mwendowu."

Ban-lai anandiuza kuti mutu wake unati ima. Phazi linakana. Anawoloka, anayamba kukwera. Ndodo ija inkamveka ikuchepa, ikutalika, mpaka panatsala madzi okhaokha. Kenako nawonso anatha.

Kumudzi anapeza tenti yaima, zofukiza zikuyaka, wansembe wa maliro akudikira ndi belu lake. Nkhalamba zinatulutsa mtembo, zinati ndi wopepuka ngati mwana. Anaugoneka m'chipinda chachikulu. Wansembe anatenga ndalama ziwiri zachitsulo, anazizunguliza pa utsi, anafunsa ngati a Pan Kim-tsai afika kwawo, n'kuziponya pansi kuti ziyankhe. Zonse zinagwa nkhope imodzi. Ayi. Anafunsanso mofatsa. Ayi. Anafunsanso. Mlamu wa malemu anayamba kulira chamumtima.

Kenako wansembe anafunsa mwina: kodi alipo amene wafika pakhomo pano? Anaponya. Ina inagwa chagada, ina chafufumimba. Eya.

Anatembenuka n'kumuyang'ana Ban-lai. Anangomuuza kuti achotse galimoto pabwalo, asatsegulenso chitseko chakumbuyo pafupi ndi nyumba ya anthu.

Kutacha, alimi a tiyi otsika ndi njinga zamoto anapeza mlatho watsekeka. Galimoto ya maliro inali itaima kumapeto kwake. Ban-lai anali pamwala paja, zovala zili nyowe, mkono uli m'mwamba, foni itatha moto kalekale. Milomo inkayenda koma mawu anali atatha. Alimiwo anayandikira kuti amve. Ankatchula dzina lonse la a Pan Kim-tsai, n'kubwereza, n'kubwereza.

Patapita masiku Ban-lai anabwera ndi galimotoyo kwa ine kuti ndichotse chipangizocho. Ndinaiona ikukhota pakona, ndinaimirira. Kumbuyo kunali kutatsika, matayala atatsala pang'ono kukhudza bodi. Ndinasuzumira pawindo. Munalibe kanthu, chitsulo chogonekapo mtembo basi. Sipika ija ndinaimasula ndili chogwada pakhomo, theka la thupi lili panja, ndipo sindichita manyazi kunena. Chipangizocho ndinachiyesa pa tebulo, waya uliwonse. Chinali bwinobwino. Makaniko wa pafupi nane anasintha masipuling'i onse, galimoto inatsikabe. Ban-lai anasiya ntchito. Galimotoyo ili kuseri kwa kachisi wina kunja kwa tauni, palibe akufuna kuigula ngakhale ophwasula zitsulo.

Anthu a kumsika amanong'onezana kuti amene anakwerawo ndi abambo a eni ake, otengedwa ndi madzi, amene sanaitanidwepo ndi munthu. Anamva mwana akuti Ababa, aliyense anayesa ndi wake. Akuti satsika chifukwa palibe wawauza kuti afika. Mei-tsu atatuluka m'chikuta anapita yekha pa mlatho paja ndi wansembe, nsungwi ya mbendera yoyera ili m'manja, anaitana dzina lonse kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa. Zimene ndalama zija zinayankha sanauze munthu. Alimi a tiyi akuti kukachita chifunga amamvabe ndodo pa simenti, imafika pakati pa mlatho n'kubwerera.

Mufuna kudziwa chimene ine ndinapindula? Ndalama sindinalandire ngakhale imodzi. Ban-lai sanaitchule, inenso sindinamufunse. Kuchokera kwa Mei-tsu kunabwera thaulo limodzi loyera la pamaliro, ndipo mwana atakwanitsa mwezi kunabwera bokosi la mpunga wamafuta, mwendo umodzi wa nkhuku ndi mazira awiri ofiira. Ndi zomwezo.