Kamaso ndi Nsawawa za Amalume

Uyu ndi Kamaso. Amamutcha Kamaso chifukwa amaona tinthu ting'onoting'ono. Singano ikatayika, amaitola ndi iyeyo.

Amayi ake amayendetsa makina okolola. Makinawo ndi aatali kuposa nyumba. Amadula, amapuntha, amapeta. Kamaso amawanyadira kwambiri amayi akewo.

Tsiku lina Kamaso ndi amayi ake anapita kukakolola nsawawa za amalume. Nsawawazo zinali zambewu. Amalume analonjeza Kamaso chitini chimodzi choti akadzale yekha.

Amayi anayendetsa pang'ono, n'kuima. Anatapa nsawawa m'makinamo. Anazithira m'manja mwa Kamaso.

"Taona, mwanangu. Zili bwanji?"

"Mayo! Zasweka, amayi!"

Amalume anagwira kumutu. "Mbewu yosweka simera," anatero.

Mtima wa Kamaso unawawa. Nanga adzala chiyani?

Koma amayi sanatekeseke. "Musadandaule, achimwene. Dzulo makinawa amapuntha tirigu. Nsawawa sizifuna nkhanza."

Anachepetsa liwiro la chopunthira. Anakulitsa mpata wodutsa mbewu. Anayendetsa pang'ono, n'kuima.

"Taona, mwanangu. Zili bwanji?"

"Sizinasweke, amayi. Koma zachepa."

Kamaso anayenda momwe makina anadutsa. Anawerama. Anaona nsawawa zambiri zitagona pansi, zosadulidwa.

"Amayi, makina akusiya zogona pansi!"

Amalume anayang'ana kumwamba. Mitambo inali itada bii.

"Achemwali, zisiyeni izo. Mvula iyo ikubwera!"

"Kuthamanga sikufika, achimwene," anatero amayi akuseka.

Anatsitsa mpeni wa kutsogolo. Anautsitsanso, mpaka unatsala pang'ono kukhudza dothi. Anayendetsa pang'ono, n'kuima.

"Taona, mwanangu. Zili bwanji?"

Kamaso anayang'ana m'manja. Anayang'ana pansi. Anayang'ananso m'manja.

"Zonse n'zathunthu, amayi! Pansi sipanatsale kanthu!"

Basi, amayi anayendetsa osaimanso. Anapita uko, anabwera kuno. Mizere inali yowongoka bwino. Munda utangotha, mvula inayamba.

"Koma achemwali anga ndi katswiri!" anatero amalume. "Ndipo kamwanaka kali ndi maso!"

Anadzaza chitini mpaka kusefukira.

Kamaso anadzala nsawawa zake kuseri kwa nyumba. Ankazithirira tsiku lililonse. M'mawa wina anawakoka dzanja amayi ake.

"Taonani, amayi. Zili bwanji?"

Amayi anawerama. Anayang'ana mzere wonse.

"Zamera zonse, mwanangu. Zonse!"